Mawu Ofotokozera Lupanga Lakale la Akuluakulu a Asilikali a ku Scotland

Lupanga limene akuluakulu a asilikali a kumapiri a ku Scotland ankamangirira m'chiuno limadziwika ndi chotchinga dzanja chake, chomwe ndi tizitsulo tolumikizana mozungulira chigwiriro ngati kadengu, n'chifukwa chake limatchedwa basket-hilt. Dzina lina lakuti claymore linachokera ku mawu a Chigaeliki otanthauza lupanga lalikulu, ndipo limasokoneza ambiri popeza limatchulidwanso pa lupanga lakale logwira ndi manja awiri. Lakuthwa konsekonse ndi broadsword, lakuthwa mbali imodzi ndi backsword.

Osula a ku Glasgow ndi Stirling, monga John Simpson ndi Walter Allan, ankasula makamaka dengulo, pamene mipeni yambiri inkachokera ku Solingen m'dziko la Germany, kotero dzina la Andrea Ferrara lozokotedwa pa mipeniyo silitchula amene anaisula, koma linali chizindikiro cholonjeza chitsulo chabwino. Nkhondo ya ku Culloden itatha mu 1746, lamulo linalanda zida anthu a kumapiri koma silinakhudze asilikali a mfumu, ndipo lupangali linapulumukira m'magulu a asilikaliwo ngati Black Watch. Mawu akuti pattern amatanthauza mtundu umene unavomerezedwa m'chaka chakutichakuti: wa 1798 unali ndi dengu lamkuwa lokutidwa ndi golide, wa 1828 unali ndi lachitsulo.

Pamene pagona nkhani kwa otolera zakale ndi pa mmene lupanga lasungikira, ndipo apa kunyezimira si umboni wa ubwino. Patina ndi kuderako kosalala kumene zaka zimasiya pachitsulo, ndipo odziwa amakulemekeza. Pitting ndi timaenje timene dzimbiri limakumba, tomveka ngati nthomba munthu akayendetsa chala pampeni, ndipo sitichoka popanda kudya chitsulocho. Wokwecha lupanga pamakina kuti liwale amafufuta etching, ndiko kuti zojambula zodyetsedwa ndi asidi, monga duwa laminga la thistle, zilembo VR za Mfumukazi Victoria ndi dzina la gulu, ndipo kutaya kotereku n'komvetsa chisoni chifukwa zilembozo ndizo zimaulula zaka za lupanga. Mwachitsanzo, magulu anasiya kudziwika ndi manambala mu 1881, ndipo kampani ya Wilkinson inayamba kudinda manambala pamipeni yake mu 1844, moti mabuku ake nthawi zina amatchula amene anagula.

Otolera zakale amayang'ananso chikopa chokhakhala cha nsomba chokutira chigwiriro ngati sichinasupuke, waya wochimanga ngati sanamasuke, nsalu yofiira ya m'kati mwa dengu ngati njenjete sizinaidye, ndiponso ngati chimake ndi chake chenicheni. Lupanga lotchedwa composite ndi lija lolumikizidwa kuchokera ku ziwalo za malupanga osiyana, ngakhale kuti kuika mpeni wakale wa banja m'dengu latsopano kunkachitikanso kalelo, ndipo wosiyanitsa ziwirizi amayang'anitsitsa kumutu kwa chigwiriro, pomwe mchira wa mpeni unakhomeredwa, ngati pali zipsera za nyundo zatsopano.