Mphira yomva kulemera kwa chala

Mukatsegula rimoti ya TV imene yasiya kumvera, mupezamo kachikopa ka mphira, ndipo kunsi kwa batani lililonse kuli kadontho kakuda. Kadonthoko ndi mphira yosakanizidwa ndi fumbi la kaboni. Mukadina, kamagunda tinjira ta pabolodi, magetsi n'kudutsa. Komatu kamangodziwa ziwiri basi: mwadina kapena simunadine. Kaya mwadina mofatsa, kaya ndi mkwiyo poti timu yanu yagoletsedwa, kwa iko n'chimodzimodzi.

Chinthu chosiyanitsa mphamvu ya kukanikiza chinayamba kale, m'lamya zoyambirira. Mu 1877 ndi 1878, Thomas Edison ndi Emile Berliner ku America, komanso David Edward Hughes ku London, anali kalikiliki ndi kaboni pofuna kuti mawu ayende pawaya. Pamapeto pake lamya zinakhala ndi kambale ka timibulu ta kaboni kuseri kwa kachitsulo kopyapyala. Munthu akalankhula, kachitsuloko kankanjenjemera n'kumapanikiza timibuluto, magetsi n'kumachuluka kapena kuchepa motsatira mawu. Njirayi inagwira ntchito pafupifupi zaka 100, ngakhale timibuluto tinkagwirana nthawi zina, mpaka munthu kumenyetsa cholankhulira patebulo kuti timasuke. M'zaka za m'ma 1970, Franklin Eventoff wa ku America anaika nzeru yomweyi papulasitiki yopyapyala pofuna kuti zida zoimbira zamagetsi zizimva dzanja la woimba. Zonsezi zinkadalira kuti timibulu tigundane.

Amene anasokoneza zimenezi ndi David Lussey wa kumpoto kwa England, m'zaka za m'ma 1990. Iye ankafuna guluu wodutsitsa magetsi, choncho anasakaniza fumbi la chitsulo ndi zomatira. Chimene chinatuluka chinakana magetsi kwamtuwagalu, ngakhale chinali chodzaza ndi chitsulo. Koma chikapanikizidwa, magetsi ankayenda ngati ali pawaya. Ambiri akanangotaya n'kuyambiranso, ndipo ine ndimamulemekeza Lussey chifukwa anaima kaye n'kufunsa chimene chachitika. Anakhazikitsa kampani ya Peratech, ndipo anagwirizana ndi Pulofesa David Bloor wa ku yunivesite ya Durham kuti afufuze limodzi. Zimene anapeza anazisindikiza mu 2005 mu Journal of Physics D.

Chinsinsi chinali m'maonekedwe a fumbilo. Timibulu ta nickel timene ankagwiritsa ntchito, mukatiyang'ana pamakina okulitsa zinthu, tili ndi minga thupi lonse ngati chipwete. Mphira ya silicone imakuta kambulu kalikonse, moti sitikhudzana n'komwe. Koma mphamvu ya magetsi imaunjikana kunsonga zakuthwa. Mphira ikafinyidwa, nsongazo zimayandikana kwambiri, ndipo maelekitironi amaoloka kampata katsalako, kamene mwa malamulo akale a fizikisi sakanayenera kuoloka. Asayansi amati quantum tunnelling, ndipo Ralph Fowler ndi Lothar Nordheim anali atafotokoza kale mu 1928 mmene maelekitironi amatulukira m'chitsulo mwa njira imeneyi. Apa m'pamene panachokera dzina la mphirayi loti QTC.

Kusintha kwake n'kodabwitsa. Kachidutswa kosakhudzidwa kamatsekereza magetsi ndi ma ohm pafupifupi 1,000,000,000,000, koma kakafinyidwa bwino amatsika mpaka osakwana 1. Mphira wamba ya kaboni mukaikoka, timibulu timatalikirana, magetsi n'kuchepa. Iyi ayi: muikoke, muipinde, muipotokole, magetsi amangowonjezeka, chifukwa ikatalika imaonda ndipo minga zimayandikana cha m'mbali. Posakaniza pamafunika dzanja lofatsa. Makina akatakasa mwankhanza minga zimathyoka, ndipo chotsala ndi mphira wamba ya chitsulo.

Malonda anabwera pang'onopang'ono. Kunapangidwa majekete okhala ndi mabatani a iPod pamkono, osokedwa m'nsalu momwemo. Bungwe la NASA linaiyesa pazala za loboti yake ya Robonaut kuti izidziwa ngati yagwira chida mokwanira. Mu 2010, kampani ya Nissha ya ku Japan inagula chilolezo choigwiritsa ntchito pamagalasi okhudza a mafoni.

Chovuta chatsalira ku mphirayo. Mukaifinya n'kuisiya siibwerera msanga mwakale, ndipo mukaisenzetsa katundu nthawi yaitali imapitiriza kuphwatalala pang'onopang'ono, muyezo n'kumasuntha pomwe katundu ndi yemweyo. Kutentha nakonso kumaifufumitsa, minga n'kutalikirana. N'chifukwa chake imachita bwino pouza makina kuti chala chakanikiza pang'ono kapena kwambiri, koma sikelo yoyezera shuga m'golosale imafunabe chitsulo cholimba chokhala ndi kachipangizo koyeza kupindika kwake.