Dzina pachikuto, manja pamakina: Scott ndi Chisuse

Mtsinje wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa kufupi ndi kwathu ku Kuntumanji. Kumtunda kwa mtsinjewu, mu 1884, mishoni ya Blantyre idatsegula nthambi yake ya Domasi motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Sukulu za mishoni ngati imeneyi zinkafuna mabuku m'zilankhulo zathu. Funso lomwe landisowetsa mtendere chaka chino ndi lakuti: mabukuwo ankawapanga ndani?

Yankho lomwe timapatsidwa kawirikawiri ndi David Clement Scott. Iye adabadwira ku Edinburgh mu 1853, ndipo adatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1881 mpaka 1898. Mu 1888 mishoniyo idayamba kusindikiza nyuzi yotchedwa Life and Work, yomwe pambuyo pake idadzudzula boma la Harry Johnston pa nkhani za msonkho ndi nkhondo zolimbana ndi mafumu. Mu 1892 Scott adatulutsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja. Bukuli lidasunga mawu, miyambi ndi miyambo zomwe bwenzi zina zitaiwalika. Ulemu umenewo ngwake ndithu.

Koma mutu umodzi susenza denga. Masiku amenewo kusindikiza kunali kutola chilembo chimodzichimodzi chachitsulo, kuchiika mzere chagada, kupaka inki ndi kupanikiza pepala. Pa ntchito imeneyi ku Blantyre padali Mungo Murray Chisuse. Scott adapita naye ku Scotland mu 1885, komwe adakaphunzira sukulu ku Edinburgh. Mu 1897 adapitanso komweko kukanola luso lake ku kampani yosindikiza mabuku ya Nelson. Atabwerera adakhala mkulu wa osindikiza pa mishoni, ndipo adaphunzitsa anyamata ena ntchitoyi.

Chisuse adalinso katswiri wojambula zithunzi. Zina mwa zithunzi zodziwika za John Chilembwe ndi banja lake adajambula ndi iyeyu. Nkhope ya Chilembwe tonse timaidziwa, mpaka ili pa ndalama zathu, koma ndi angati mwa ife adamvapo za munthu amene adaima kuseri kwa kamera?

Nanga mawu a mu mtanthauziramawu uja adachokera kuti? Scott sadabwere nawo m'thumba kuchokera ku Scotland. Adawamva kwa amuna ndi akazi amene ankamufotokozera tanthauzo la mawu aliwonse, koma pachikuto pali dzina limodzi lokha.

Sindikuti tim'chotse Scott m'mbiri yathu. Adakhulupirira Aafirika pa nthawi yomwe azungu anzake ambiri ankawaderera, ndipo n'chifukwa chake Chisuse adapeza mpata. Ndikungoti ife ophunzira, tikamasankha mitu ya kafukufuku, tisamathere pachikuto. Ku Zomba komweku kuli nkhokwe ya boma yosungira zolembedwa zakale. Maina a otola zilembo, omasulira ndi osoka mabuku akudikira wina woti akawafufuze, ndipo ntchito imeneyi ndi yathu.