Agent Orange: chiphe chimene asilikali anabwerera nacho kwa ana awo

Nkhondo ya ku Vietnam inatha mu April 1975, koma mpaka lero boma la America limapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa anthu amene sanagwirepo mfuti, ambiri mwa iwo obadwa abambo awo atavula kale yunifolomu. Ndi ana a asilikali. Anabadwa ndi msana wosatsekeka bwino, vuto limene madokotala amalitcha spina bifida, ndipo makolo awo anagwira ntchito m'dziko limene ndege zinkapoperamo mankhwala otchedwa Agent Orange.

Mankhwalawa ankafika m'migolo ya malita 208 yokhala ndi mzere wa mtundu wa lalanje, kusiyanitsa ndi ena a mzere woyera kapena wabuluu. Anali opha udzu ndi mitengo, osakaniza mitundu iwiri: 2,4-D, amene alimi akugwiritsabe ntchito m'minda, ndi 2,4,5-T. Vuto linali mwa wachiwiriyu. Powapanga kufakitale munkatsalira chiphe chotchedwa dioxin, chimene chikalowa m'thupi chimakakamira m'mafuta, ndipo pamatenga zaka 7 kapena kuposerapo kuti theka lake lokha lichoke.

Akuluakulu a nkhondo a America ankafuna kuyoyola masamba m'nkhalango kuti adani asowe pobisala, komanso kuumitsa minda kuti asowe chakudya. Kuyambira 1962 mpaka 1971, ndege za C-123 zinkauluka chapansipansi zitandandalikana, zikumwaza mankhwala amene onse pamodzi anakwana malita pafupifupi 75 miliyoni, ndipo oposa theka anali Agent Orange. Asilikali apansi ankadutsa m'tchire lonyowa ndi mankhwalawo n'kumamwa madzi a m'mitsinje yomweyo. Migolo ikatha, ena ankaiboola n'kuipachika ngati shawa, ena ankaidula pakati n'kumawotcherapo nyama. Iwo ankangodziwa kuti ndi mankhwala a udzu basi.

Mu 1969 kafukufuku wolipiridwa ndi boma la America lomwelo anaonetsa kuti makoswe opatsidwa 2,4,5-T ankabereka ana olumala, ndipo mu April 1970 Agent Orange anaimitsidwa. Pofika nthawiyo, dokotala wina wachitsikana ku Saigon, Nguyen Thi Ngoc Phuong, anali atayamba kale kulandira makanda osakwanira ziwalo pachipatala cha amayi cha Tu Du.

Ku America nkhani ya kudwala kwa asilikali sinatulukire kwa akatswiri. Inatulukira kwa Maude DeVictor, amene ankathandiza asilikali opuma kulemba mafomu a chithandizo pa ofesi ya boma ku Chicago. Mu 1977 mayi wina anamuuza kuti amuna ake akufa ndi khansa, ndipo akuti gwero lake ndi mankhwala a ku Vietnam. DeVictor anayamba kufunsa asilikali ena obwera pa tebulo lake, n'kumasunga mayankho: kudwala kwawo, mimba zopita padera, ana obadwa ndi mavuto. Mu March 1978 kanema wa ku Chicago anaulutsa zimene anapezazo. Chaka chomwecho Paul Reutershan, amene ankagwira ntchito mu helikopita ku Vietnam, anasumira makampani opanga mankhwalawo. Anamwalira ndi khansa mu December ali ndi zaka 28, koma anzake anaupitiriza mlanduwo.

Mu May 1984, tsiku limene mlandu unkayenera kuyamba ku Brooklyn pamaso pa woweruza Jack Weinstein, makampani 7, kuphatikizapo Dow Chemical ndi Monsanto, anavomera kupereka madola 180 miliyoni koma osavomera kuti analakwa. Ndalamazo zinkamveka zambiri pa wailesi. Zitagawidwa, pamodzi ndi chiwongoladzanja, kwa asilikali odwala ndi mabanja a omwalira pafupifupi 52,000, aliyense anapeza madola ngati 3,800.

Banja limene linaonetsa poyera kuwawa kwa nkhaniyi ndi la Zumwalt. Elmo Zumwalt Jr. anali mkulu wa asilikali apamadzi a America ku Vietnam kuyambira 1968 mpaka 1970. Anyamata ake ankaphedwa m'mabwato m'mitsinje ya Mekong ndi adani obisala m'zitsamba za m'mphepete, choncho analamula kuti magombe apoperedwe. Mmodzi mwa oyendetsa mabwatowo anali mwana wake weniweni, Elmo Zumwalt III. Mwanayo anabwerera kwawo wamoyo, n'kutheka chifukwa cha lamulo lomwelo la bambo ake. Mu 1983 anamupeza ndi khansa ya anabere, kenako ina ya mtundu wachiwiri, ndipo anamwalira mu 1988 ali ndi zaka 42. Mwana wamwamuna wa Elmo III anabadwa ndi vuto lalikulu la kuphunzira. Elmo III ndi bambo ake analemba limodzi buku lakuti My Father, My Son, ndipo mwanayo sanawaimbe mlandu bambo ake. Mkuluyo naye sananene kuti analamula molakwa. Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti boma linkazemba kuvomera zotsatira zake, ndipo mu 1990 analemba lipoti lodzudzula mmene kafukufuku wa boma ankayendetsedwera.

Mu 1991 Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo la Agent Orange Act. Linati akatswiri oima paokha aziunika umboni nthawi ndi nthawi, ndipo msilikali amene anaponda ku Vietnam akadwala matenda a pa mndandanda, asamufunsenso umboni woti mankhwala anamukhudza. Ana analowa mu 1996, akatswiri atanena kuti pali umboni, ngakhale wochepa, wolumikiza mankhwalawo ndi spina bifida. Aka kanali koyamba kuti boma la America lipereke chithandizo kwa mwana chifukwa cha zimene kholo linakumana nazo kunkhondo. Mu 2000 lamulo linawonjezera zilema zina zobadwa nazo, koma kwa ana a asilikali achizimayi okha.

Nkhani ya mayi ndi ya bambo n'zosiyana. Zoti dioxin amachoka kwa mayi kupita kwa mwana m'mimba ndi mumkaka wa m'mawere n'zodziwika. Zoti bambo amene ananyowa ndi mankhwala mu 1968 angapatsire vuto mwana wobadwa mu 1976 n'zovuta kutsimikiza. Palibe amene analemba kuti msilikali uyu anakhudzidwa mochuluka chonchi, ndipo magazi anayezedwa patadutsa zaka zambiri chiphe chitachepa kale. Mu 2016 akatswiri aja anabweza mawu, n'kunena kuti umboni wa spina bifida sukukwanira. Chithandizo sichinachotsedwe, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino. Amene analephera kusunga kaundula ndi boma, ndiye si chilungamo kuti kusowa kwa umboniko kusenzedwe ndi mayi amene akunyamula mwana wa zaka 40 kupita naye kubafa.

Ku Vietnam katunduyo ndi wolemera koposa. Kafukufuku wa Jeanne Stellman wa mu 2003 anapeza kuti m'midzi imene inapoperedwa munkakhala anthu pakati pa 2.1 miliyoni ndi 4.8 miliyoni. Bungwe la Red Cross la ku Vietnam limati odwala chifukwa cha mankhwalawa ndi pafupifupi 3 miliyoni, ndipo America imakayikira chiwerengerochi. Asilikali a kumpoto kwa Vietnam amene anamenya nkhondo kumwera kwa dzikolo anabwerera kumidzi imene sinapoperedwepo, n'kukabereka ana osayenda kapena osalankhula, nthawi zina awiri kapena atatu m'nyumba imodzi. Anansi ankati ndi chilango cha zolakwa za makolo akale, ndipo abale ake a mwana wotere ankavutika kupeza banja. Kuno kwathu izi sizachilendo: mwana akabadwa wolumala, anthu amayamba ndi kuloza chala mayi.

Chiphecho sichinathere mwa asilikali okha. M'mabwalo a ndege a Da Nang, Bien Hoa ndi Phu Cat, mmene migolo inkasungidwa ndi kutayikira, dioxin analowa m'matope a m'maiwe, n'kulowa m'mafuta a nsomba ndi abakha, kenako mwa anthu obadwa nkhondo itatha. Ku Da Nang, America ndi Vietnam anayeretsa bwalolo kuyambira 2012 mpaka 2018: anaunjika dothi mu uvuni waukulu wa konkire n'kulitenthetsa kufika madigiri 335. Ku Bien Hoa, kumene dothi loipa ndi lochuluka kuposa kwina konse, ntchito inayamba mu 2019.

Kukhoti, anthu a ku Vietnam sanapezeko kanthu. Anasumira makampani opanga mankhwalawo ku Brooklyn mu 2004, ndipo woweruza yemwe uja, Weinstein, anauchotsa mlandu wawo mu March 2005, ponena kuti mankhwalawo anali opha zomera, osati chida chophera anthu choletsedwa ndi malamulo a mayiko. Khoti lalikulu la America linakana kuumva mu 2009. Tran To Nga, amene anapoperedwa ali mtolankhani wa gulu lomenyana ndi America, ndipo mwana wake woyamba anamwalira ndi vuto la mtima ali ndi miyezi 17, anasumira makampani 14 ku France. Khoti la ku Evry linati mu 2021 lilibe mphamvu zoweruza makampani amene ankagwirira ntchito boma la dziko lina. Khoti la apilo ku Paris linagwirizana nazo mu August 2024, mayiyo ali ndi zaka 82, ndipo maloya ake ananena kuti apita kukhoti lalikulu la France.