Pepala la nyuzi: kuchokera pa mwala wa Keller kufika ku Mbombwe

Mu Novembala 1914, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Boma la atsamunda linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Nkhani imeneyi timaikamba kawirikawiri pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe. Koma nyuzipepala yoti munthu wa kumudzi n'kuilembera sikanakhalapo pakanapanda pepala lotchipa, ndipo pepalalo lili ndi mbiri yake.

Kale ku Ulaya mapepala ankapangidwa ndi nsanza, ndipo nsanzazo zinkasowa. Cha m'ma 1844, woluka nsalu wina wa ku Hainichen ku Germany, Friedrich Gottlob Keller, anakanikiza mtengo pa mwala wozungulira uku akuthira madzi, monga amayi aperera mawere pamphero, mpaka mtengo unasanduka phala. Phalalo analiyala, linauma, linakhala pepala. Chaka chomwecho Charles Fenerty wa ku Nova Scotia anatulukira njira yofanana payekha. Heinrich Voelter ndiye anagula nzeru ya Keller n'kuisandutsa malonda. Keller mwini wakeyo anamwalira wosauka mu 1895.

Ubwino wa njirayi ndi woti pafupifupi mtengo wonse umalowa m'pepala, pamene kuphika ndi mankhwala kumataya pafupifupi theka. Kuipa kwake kuli pomwepo. Mu phalalo mumatsalira lignin, chomatira chachilengedwe chomwe chimalimbitsa mtengo, ndipo ikaona dzuwa ndi mpweya imachititsa pepala kusanduka lachikasu n'kuyamba kuthetheka. N'chifukwa chake nyuzi zakale zosungidwa ku National Archives ku Zomba zimafuna chisamaliro chachikulu. Zimandidetsa nkhawa kuti zambiri za mbiri yathu zagona pa pepala losakhalitsa chotere.

Dziko lino linafunapo kudzipangira lokha phala la mapepala. Kuyambira m'ma 1960, boma linadzala mitengo, makamaka ya paini, pa mahekitala oposa 50,000 ku Chikangawa, pokonzekera fakitale ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo yambiri inathera macheka ndi moto, ndipo mpaka lero pepala la nyuzi yomwe imagulitsidwa pa Njuli kapena pa Namitambo limachokera kunja, logulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale.