Za Liu la Cingerezi Lakuti "Mount": Kukwera ndi Kukweza

Aphunzitsi ndi alaliki, abale athu m'nchito, mudziwa kuti alipo mau ena a Cingerezi amene aoneka apafupi, koma apunthwitsa ana ndi akuru omwe. Limodzi la mau otere ndilo lakuti "mount". Ambiri aphunzitsa ana kuti liuli ndilo kukwera, nalekeza pomwepo. Koma tiyese kuti mwana wophunzira cotero auzidwa kuti "mount the map": adzatani? Kodi ayale mapu pansi ndi kuimapo? Iai, wauzidwa kuti amate mapuwo pa nsaru kapena pa thabwa, kuti angang'ambike. Tifuna tsono kulongosola cifukwa cace liu limodzi linena za kukwera ndi za kumangirira komwe. Ndipo tidzatenga zitsanzo zathu m'mbiri ya Bandawe, kumene ana a m'mbali mwa nyanja anayamba kale kulimbana ndi Cingerezi.

Tiyambe ndi muzu wace. M'Cilatini, cinenero ca Aroma, phiri licedwa "mons". Angerezi anatenga liuli kalekale monga dzina la cinthu, ndipo cifukwa cace tiwerenga Mount Sinai ndi Mount Zion. Ciphunzitso ca Ambuye ca pa Mateyu 5 kufikira 7 acicha Sermon on the Mount. Kwathu kuno ciliko citsanzo. Phiri lija la mutu wosalala limene liima pafupi ndi Khondowe, eni dziko alicha Chombe, koma Azungu analicha Mount Waller, kukumbukira Horace Waller, amene anali mu mishoni ya Bishop Mackenzie ku Magomero m'caka ca 1861. Apa liuli silinena kucita kanthu. Liri dzina la phiri basi.

Afalansa nao anaumba mneni pa muzu womwewo, wakuti "monter", ndiko kunka kumwamba monga munthu wokwera phiri. Mneniyu analowa m'Cingerezi pambuyo pa caka ca 1066, pamene Anormani anagonjetsa dziko la England, ndipo akuru a dziko analankhula Cifalansa zaka zambiri. Ndilo tanthauzo loyamba la mneniyu, ndipo ligwirizana ndi kukwera kwathu. M'Baibulo wa Cingerezi wa 1611 mupeza liuli pa Yesaya 40, pamene anena za kuuluka kwa ziombankhanga.

Mbiri ya Bandawe iri yodzala ndi kukwera kotere. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear m'caka ca 1875. Koma malungo anapha ena a iwo, ndipo anthu a pafupi anali owerengeka. Cifukwa cace Dr. Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe m'caka ca 1881, pakati pa Atonga, amene masiku amenewo anakhala mothinana m'malinga cifukwa ca kuopa nkhondo ya Angoni. Kucokera kunyanja kuno njira zonse za kumadzulo ziri zokwera. William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, anakwera mapiriwo nakakhala ku Njuyu, m'dziko la M'mbelwa, m'caka ca 1882, namwalira kwa Angoni komweko m'caka ca 1886. Ndipo m'caka ca 1894 Dr. Laws anakwera ku Khondowe kukamanga sukulu yaikuru. Pamenepo anyamata a ku Bandawe amene anapambana m'maphunziro anayamba kunka kumeneko, natsika m'ngalawa ku Florence Bay, nakwera citunda cija ndi mitolo yao pamutu.

Koma cenjerani apa, pakuti kukwera kwathu ndi "mount" siziyenda pamodzi njira yonse. Ife tikwera phiri, mtengo, buru, bwato ndi sitima, ndipo liu liri limodzi. Mngerezi agawa: kavalo ndi njinga anena "mount", mtengo, monga mkuyu uja wa Zakeyu, anena "climb", sitima anena "board". Atonga ambiri amene ananka kukagwira nchito ku Blantyre, ku Salisbury ndi ku Johannesburg anakwera sitima. Koma munthu wonena kuti "I mounted the steamer" asekedwa. M'zina tigwirizana nao bwino. Monga ife tinena kuti madzi akwera m'nyanja, kapena kuti mtengo wa nsaru wakwera, momwemo iwo anena kuti ngongole "mount up", ndiko kuunjikana monga culu cikula. Ndipo liu la m'masamu lakuti "amount" licokera pomwepo. Pa ziweto anena monga ife, pamene tonde akwera mbuzi.

Tsopano tifika pa mfundo yeniyeni. Cinenero cathu ciri ndi cida cimene Cingerezi ciribe: tisintha mathero a mneni kuti tinene za wocititsa. Kugwa kusanduka kugwetsa. Kutuluka kusanduka kuturutsa. Kukwera kusanduka kukweza. Mngerezi kawirikawiri asiya liu monga liri, ndipo lisenza nchito zonse ziwiri. Cotero "mount" ndiko kukwera pa kavalo, ndiponso ndiko kukweza munthu wina pa kavaloyo. Ndipo pamene anazolowera kunena za kukhazika munthu pa kavalo, anayamba kunena cimodzimodzi za kukhazika mfuti yaikuru pa magudumu ace, mwala wa mtengo wapatari pa mphete, ndi cithunzi pa pepala lolimba. Apa kukwera kwatsala pang'ono kuiwalika. Catsala ndico kuika cinthu pa cinzace cocicirikiza, ndi kucimangirira kuti cisagwedezeke.

Taonani citsanzo ca sitima yoyamba ya mishoni, Ilala. Pofika pa mathithi a Shire m'caka ca 1875, E. D. Young ndi anzace anaimasula. Anthu mazana ambiri anasenza zidutswa zace pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala. Osenza aja anakwera zitunda: ndiko "mount" koyamba. Amisiri anakhazika makina m'malo mwace nawamanga ndi zitsulo: ndiko "mount" kwaciwiri. Liu limodzi, nchito ziwiri, pa ulendo umodzi.

Dr. Laws, amene Cipangano cace Catsopano ca Cinyanja cinasindikizidwa m'caka ca 1886, ndi buku lace lomasulira mau a Cingerezi m'Cinyanja m'caka ca 1894, anasiyira aphunzitsi zida zabwino, momwemonso D. C. Scott wa ku Blantyre ndi buku lace la Cimang'anja la 1892. Koma buku la mau lingoika matanthauzo m'mzere. Kusankha loyenera ndiyo nchito ya wowerenga.

Cifukwa cace tikupemphani kuti muphunzitse ana kufunsa mafunso atatu pakukomana ndi liuli. Loyamba: kodi liri dzina, kapena mneni? Likakhala dzina loimirira patsogolo pa dzina lina, ndilo phiri. Laciwiri: ndani anka kumwamba? Akakhala mwini wace wocitayo, masulirani kukwera. Lacitatu: kodi cinthu cochulidwaco cingathe kunyamula munthu? Ngati iai, monga mapu, cithunzi kapena mfuti, masulirani kukweza, kukhazika, kumata kapena kumangirira, monga momwe nchitoyo ifunira.

Ndipo inu alaliki amene mumasulira alendo m'chalichi, musacite manyazi kuima ndi kufunsa wolankhulayo tanthauzo lace musanalankhule kwa mpingo. Akuru anati, safunsa anadya phula.