Njoka ya Maseche ndi Chilumba cha Mount Zion

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Amereka, m'chigawo cha Massachusetts, mumapezeka njoka ina imene eni dzikolo amaitcha timber rattlesnake. Kunsonga kwa mchira wake kuli timphete touma timene timalira ngati maseche njokayo ikaona zoopsa. Ululu wake ndi wakupha, koma mtima wake si waukali ayi. Imakonda kubisala m'miyala ndi m'masamba ouma, kudikira mbewa ndi agologolo.

Azungu pamene ankayamba kukhazikika m'dzikomo m'zaka za m'ma 1600, anaipeza njokayi ili mbwee m'mapiri. Nthawi ina inalandirako ulemu. Mu 1775, pa nkhondo yofuna ufulu kuchoka m'manja mwa Angerezi, Christopher Gadsden anakonza mbendera yokhala ndi chithunzi cha njoka ya maseche itadzipinda, monga chenjezo kwa adani. Koma ulemuwo unathera pambendera pomwepo. Kumidzi, alimi ankaipha paliponse pamene aipeza, ndipo m'madera ambiri boma linkapereka ndalama kwa yense wobweretsa umboni kuti wapha njoka. M'zigawo zoyandikana za New York ndi Vermont mphothoyi inalekeka mu 1971. Ku Maine ndi ku Rhode Island njokayi inatheratu.

Kuti timvetse chifukwa chimene inathera msanga chotero, tiyenera kudziwa moyo wake. Kuzizira kwa dziko limenelo n'koopsa, kotero kuti njokazi zimagona miyezi yambiri m'mapanga akuya a m'miyala mmene chisanu sichifikamo. Zimagona pamodzi, ndipo chaka ndi chaka zimabwerera kuphanga lomwelo. Motero mlenje wodziwa phanga limodzi ankatha kutha mtundu wonse wa phiri limenelo. Kuwonjezera apo, yaikazi imachedwa kukhwima, mwina zaka 7 kapena kupitirira, ndipo ikabereka imapuma zaka zingapo isanaberekenso. Siiikira mazira, imabala ana amoyo owerengeka. Nyama yobereka mwaulesi chotere siingapikisane ndi khasu, galimoto ndi anthu oigwira kuti akagulitse. Pofika mu 2016, akatswiri ankati m'chigawo chonse cha Massachusetts munatsala njoka pafupifupi 200 zokha, m'malo asanu otalikirana, ndipo zina zinali zitagwidwa ndi nthenda ya pakhungu.

Kumayambiriro kwa chaka chimenecho, anthu anamva kuti nthambi ya boma yoyang'anira nsomba ndi nyama zakutchire yakonza zokhazikitsa njokazi pa chilumba cha Mount Zion, chimene chili m'damu lalikulu la Quabbin. Mmodzi wa akuluakulu a nthambiyo, Tom French, ndiye ankatsogolera ntchitoyi. Ana a njoka ankayenera kuleredwa kumalo osungirako nyama a Roger Williams Park Zoo, mumzinda wa Providence, ndipo akakula, ochepa okha chaka chilichonse ankayenera kutulidwa pachilumbapo atawaika tizipangizo todziwitsa kumene ali. Chilumbacho n'chachikulu maekala oposa 1,300, chili ndi miyala yoyenera mapanga, ndiponso anthu saloledwa kupondapo. M'maso mwa akatswiri, malo abwino koposa amenewa panalibe. Bwanamkubwa wa chigawocho pa nthawiyo, Charlie Baker, anagwirizana nawo maganizowa.

Anthu a m'matauni ozungulira damulo sanaone choncho. Njoka imasambira, iwo anatero, ndipo Mount Zion si chilumba chenicheni pakuti pali mlambala wa miyala wochilumikiza kumtunda. Nanga asodzi, alenje ndi ana oyenda m'nkhalango adzatetezedwa ndi yani? Nanga alendo obwera kudzaona malo sadzathawa? Akatswiri anayankha kuti njoka yosochera kutali ndi phanga lake siingapulumuke chisanu. Anakumbutsanso kuti kumapiri a Blue Hills, pafupi ndi mzinda wa Boston, anthu zikwizikwi amayenda chaka chilichonse pakati pa njoka zomwezi popanda maliro, ndi kuti m'chigawocho munali mutapita zaka zoposa 200 munthu asanafe ndi njokayi. Mayankhowa anali oona, koma sanakhudze pamene panali chilonda.

Chilondacho chinali chakale, ndipo chinali pansi pa madzi a damulo. Kumene kuli Quabbin kunali chigwa cha mtsinje wa Swift, mmene munali matauni anayi: Dana, Enfield, Greenwich ndi Prescott. Mzinda wa Boston, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mawa, unkasowa madzi akumwa, ndipo aphungu anagamula kuti chigwacho chimizidwe. Mu Epulo 1938 matauni anayiwo anafafanizidwa mwalamulo. Anthu pafupifupi 2,500 anasamutsidwa, nyumba ndi matchalitchi zinagwetsedwa kapena kunyamulidwa, mitengo inadulidwa, ndipo manda oposa 7,000 anafukulidwa kuti mitembo ikaikidwe kwina. Chimene lero chikutchedwa chilumba cha Mount Zion ndi nsonga ya phiri limene anthu a m'chigwamo ankaliona ali pakhomo. Zidzukulu zawo zikukhalabe m'matauni a m'mphepete mwa damulo. Pamene anamva kuti akuluakulu agamulanso za malo a makolo awo osawafunsa, ambiri anaona ngati zaka za m'ma 1930 zabwereranso: kale anawalanda chigwa, tsopano akuwapatsa njoka.

Si kuti anthu amenewa ankadana ndi kubwezeretsa nyama zimene zinatha. Mu 1982 nthambi yomweyo inayamba kutula ku Quabbin ana a chiwombankhanga cha mutu woyera, mbale wake wa nkhwazi ya kunyanja, ndipo mu 1989 mbalamezi zinaswa ana kumeneko. Anthu anakondwera, ndipo mpaka lero amanyadira. Koma mbalame ya m'mwamba ndi njoka ya m'udzu sizilandiridwa mofanana, ndipo akatswiri akuoneka kuti anaiwala kusiyana kumeneku. Anakonzekera bwino za miyala, za chisanu ndi za chakudya cha njoka, koma za anthu anazisiya kumapeto.

Mu Meyi 2016 aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawocho anachititsa msonkhano m'tauni ya Athol, kumene akuluakulu a boma anavomera kuti sanafotokozere anthu nkhaniyi moyenera. Anakhazikitsa kagulu kounikanso ntchito yonse, mmene munali aphungu, akatswiri ndi oimira anthu a m'deralo. Koma madzi anali atatayika kale. Mu Epulo 2017 bungwe loyang'anira nthambiyo linaimitsa ntchito ya pa Mount Zion popanda kutchula tsiku loiyambanso, ndipo linalamula kuti mphamvu zonse zipite pa kuteteza njoka zotsala m'malo asanu mmene zinali kale. Palibe njoka ndi imodzi yomwe imene inatulidwa pachilumbapo.