Maloya Awiri a mu Fox Street

Chakumapeto kwa chaka cha 1952, pa nyumba ina yotchedwa Chancellor House mu msewu wa Fox Street, mu mzinda wa Johannesburg, panalembedwa maina awiri: Mandela ndi Tambo. Nyumbayo inali ya Amwenye, ndipo inayang'anana ndi bwalo la milandu la mejisitireti. Anthu ambiri amati iyi ndiyo inali kampani yoyamba ya maloya akuda m'dziko la South Africa. Zoona zake n'zakuti a Alfred Mangena ndi a Pixley Seme anali atagwirapo kale ntchito ya uloya zaka zambiri m'mbuyomo. Koma pa nthawi imeneyo panalibenso kampani ina imene eni ake onse anali anthu akuda.

Anthu awiriwa anadziwana ku sukulu ya ukachenjede ya Fort Hare. A Nelson Mandela anaphunzira ntchitoyi ali kalaliki pa kampani ya Witkin, Sidelsky and Eidelman, pamene a Oliver Tambo anayamba akhala mphunzitsi wa masamu ndi sayansi pa sukulu ya St Peter's, kenaka n'kutembenukira ku malamulo. Makhalidwe awo anali osiyana kwambiri. A Tambo anali munthu wofatsa, wosafulumira kuyankha, wodziwa kumvetsera munthu mpaka atatha zonse za kukhosi. Iwo ndiwo ankakonda kukhala mu ofesi, kusanthula mapepala ndi kukonza mlandu. A Mandela anali wamtali, wotchena, wa mawu amphamvu, ndipo malo awo anali m'bwalo, pofunsa mboni mafunso.

Kodi nanga ankagwira milandu yotani? Makampani a maloya a Azungu ankatchuka ndi nkhani za migodi, mabanki ndi malonda a malo. Ku Chancellor House kunkafika zina. Kunkafika munthu amene wamangidwa chifukwa chosowa pasi m'thumba, chinthu chimene akuluakulu athu amene anapita ku Joni amachikumbukira bwino. Kunkafika mayi wogwidwa akufulula mowa kuti apezere ana chakudya, mlimi wothamangitsidwa pa nthaka ya makolo ake, banja lotulutsidwa m'nyumba imene lakhalamo zaka makumi, mnyamata womenyedwa ndi apolisi. Ena ankabwera kaamba ka lamulo la 1950 logawa anthu monga mwa khungu lawo, pakuti mkulu wa boma ankatha kulemba abale a bere limodzi m'mitundu iwiri. Panalinso milandu ya masiku onse: kuba, ndewu, kutha kwa maukwati. M'mamawa uliwonse maloyawo ankachita kudzipanikiza kuti adutse pakati pa anthu odzaza m'makwerero ndi m'khonde.

Mphamvu ya kampaniyi inagona pamenepa. Malamulo a tsankho anachulukitsa milandu kotero kuti munthu wakuda ankatha kulakwa posachita kanthu, pongopezeka pamalo pena nthawi itapitirira. Munthu wotere sankasowa loya yekha ayi. Ankasowa munthu womulankhula m'chinenero chake, womupatsa mpando, wosamuyesa wabodza asanatsegule pakamwa. A Mandela anafotokoza pambuyo pake kuti makampani ena a Azungu ankalipiritsa anthu akuda ndalama zambiri kuposa Azungu anzawo. Mbiri ya ofesi ya mu Fox Street sinafalitsidwe ndi nyuzipepala. Inayenda pakamwa, m'mabasi ndi m'masitima, mpaka m'midzi ya kutali m'chigawo cha Transvaal.

Mlandu wina umene anthu amaukambabe ndi wa mayi wantchito ya m'nyumba amene anaimbidwa mlandu woba zovala za dona wake. Zovalazo zinayalidwa patebulo monga umboni. A Mandela anatola kabudula wamkati ndi nsonga ya pensulo, nam'kweza m'mwamba pamaso pa onse, nafunsa donayo ngati anali wake. Mwa manyazi donayo anakana, ndipo mlandu unathera pomwepo. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma aliyense amene anali m'bwalomo anaona chinthu chachilendo: Mzungu akuyankha mafunso a munthu wakuda, ndipo akusowa pogwira.

Ntchitoyo inali ndi malire ake. M'dzikomo maloya ali m'magulu awiri, ndipo Mandela ndi Tambo anali a gulu limene pa nthawiyo linkaima m'mabwalo aang'ono okha. Mlandu ukakwera ku bwalo lalikulu ankaupereka kwa maloya a gulu linalo, monga a George Bizos ndi a Duma Nokwe. Ngakhale m'mabwalo aang'onowo chipongwe sichinkatha. Mejisitireti wina anakana kumva a Mandela mpaka ataonetsa satifiketi yawo, chinthu chimene loya wachizungu sankafunsidwa. Kalaliki wawo, a Godfrey Pitje, anapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza bwalo chifukwa chokana kukhala pa tebulo lopatulidwira anthu akuda. Boma nalo linakana kuwawonjezera chilolezo chokhala ndi ofesi pakati pa mzinda, likufuna kuti asamukire kutali ndi mabwalo. Iwo anakhalabe pomwepo, lamulo likuwaletsa.

Mu 1954 bungwe la maloya la Transvaal linapempha bwalo lalikulu kuti lifafanize dzina la a Mandela m'kaundula, kaamba koti anali atapezeka wolakwa potsogolera anthu kuphwanya dala malamulo a tsankho mu 1952. Loya wotchuka, a Walter Pollak, anawaimira kwaulere, ndipo woweruza Ramsbottom anakana pempholo.

Chimene chinagwetsa kampaniyi ndi mlandu woukira boma. Mu Disembala 1956 anthu 156 anamangidwa, pamodzi ndi maloya awiriwa. A Tambo anamasulidwa msanga, koma a Mandela anakhala pa mlanduwo mpaka mu Malichi 1961, pamene otsala onse anapezeka osalakwa. Pa zaka zimenezo ankapita ku ofesi m'mamawa ndi madzulo okha, ndipo ntchito ndi ndalama zinayamba kuchepa. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, a Tambo anatuluka m'dzikomo mobisa, osabwereranso kufikira 1990. A Mandela anatsekeredwa, koma ankaloledwa kutuluka kumapeto a sabata, wapolisi ali pambali, kuti akatseke mabuku a kampaniyo.

Chancellor House inakhala bwinja zaka zambiri, anthu osowa pokhala akugonamo. Akuluakulu a mzinda wa Johannesburg anaikonzanso mu 2011.